Chule wa Patapata ndi Supuni Zanga

Tisa, chotsa chala mkamwa ndichione. Kabala kake ndi aka? Sufa lero. Dalitso, leka kuseka mlongo wako, katenge mchere ndi madzi ofunda. Kodi ine ndikamanena kuti chitini cha pamwamba pa kabati musamachigwire, inu mumayesa ndimabisamo mabisiketi? Mwakwera pampando, mwachitsitsa, mwapisamo dzanja osayang'ana. Ana a masiku ano simumva mawu, mumamva chinthu chikakubayani.

Wakubaya ndi chule uyu. Muoneni bwino, koma ndi maso okha. Thupi lake ndi patapata wakale, maso ndi mikanda yanga, miyendo iyi ndi ndevu za mbuzi, ndipo mbedza yabisala apa. Iwe Tisa sindiwe woyamba kulira naye. Chule ameneyu anatsala pang'ono kuikitsa agogo anu aamuna, a Sakala, popanda nyimbo ya mpingo ngakhale imodzi. Ikani mafoni pansi mumve, popeza mwatsegula nokha.

Agogo anu simunawadziwe. Tisa unali kumsana pamene ankatisiya, iwe Dalitso unali usanaganiziridwe n'komwe. Ankawotcherera zitsulo ku mafakitale a ku Indasitiyo. Anali munthu wofatsa, wosamwa mowa, wa kwaya kuyambira unyamata wake, ndipo maliro a mu Kanyama muno amene sanawaimbire ndi owerengeka. Azimayi anzanga pampopi ankati, "Amake Yohane, muli na mwayi, bamuna banu sibamwa." Ine ndinkangoti eya. Mowa uli ndi zoipa zake, koma sindinamvepo kuti wadya supuni za munthu.

Zinayamba ndi pampu ya madzi. Kuntchito anawatuma kukaikonza pa famu ina ku Lusaka West, ndipo pafamupo panali damu. Mwini famu anawaonetsa nsomba zimene ankaweta mmenemo. Dzina lake azungu amati basi. M'nyumba muno tinkangoti chikamwa, chifukwa ikayasamula, nkhonya ya munthu wamkulu imalowa yonse. Mkuluyo anawapatsa ndodo yakale yowedzera, ya kawilo kokulungira chingwe, n'kuwauza kuti azibwera Loweruka lililonse akafuna, koma nsomba akagwira azibwezera m'madzi. Kuyambira tsiku limenelo ine ndinakhala pa mitala ndi damu.

Kuwedza ndimakudziwa, musandione ukalambawu. Kwathu ku Katete madzi akaphwa m'dambo tinkalowa m'zithaphwi ndi madengu, n'kuvuula matope mpaka milamba itatopa. Anyamata ankakumba nyongolotsi kuseri kwa bafa. Wagwira, wadya, nkhani yatha. Koma chikamwa, ankatero agogo anu, sichitola zakudya pansi ngati mlamba. Ndi mlenje. Chimabisala m'bango kapena pansi pa mtengo wogwera m'madzi, kudikira kanthu koyenda, ndipo ukachiputa bwino chimaluma ngakhale chakhuta, chifukwa cha ukali chabe. Ndiye nyambo yake sifunika kukhala chakudya. Ifunika kungodziwa kunama.

Nyambo zonamazo m'masitolo a m'tauni zinalimo, zonyezimira, za m'mapaketi. Agogo anu anakazigwiragwira, n'kubwera kudzandiuza kuti iwo angapange zoposa pamenepo. Apa ndi pamene supuni zanga zinayamba kusowa. Zinali za paukwati wanga, zolemera, za kaluwa pachigwiriro, osati izi za masiku ano zopindika m'phala. Tsiku lina ndikusesa kuseri kwa nyumba ndinapeza zigwiriro zokhazokha, zodulidwa bwinobwino ndi sowo. Mutu wa supuni ankauboola uku ndi uku, uku chingwe, uku mbedza. M'madzi, akuti, imagwedezeka ngati kapenta wodwala. Abusa atabwera kudzationa, tiyi anatakasa ndi chigwiriro, ine ndikuyang'ana kudenga.

Supuni zitatha anatembenukira kwina. Ukavula patapata pakhomo, pobwera upeza mmodzi. Chubu cha njinga ankachidula tizingwe takuda kuti ndi nyongolotsi. Zotsekera za mabotolo ankazipinda ziwiriziwiri, timiyala m'kati, kuti zizilira. Nthenga za nkhanga, ulusi wanga wofiira wosokera, mkanda wanga wa m'khosi. Munthu wamkulu, wa kwaya, ankapita ku Chibolya kumene amapherako mbuzi kukapempha ndevu, n'kubwera nazo m'thumba la jekete la kutchalitchi.

Nanga kuyankhula kwake. Munthu wofatsa uja akayamba za nyambo, ndiwo zinkazizira m'mbale. "Amake Yohane, nyambo sumasankha iwe, amasankha ndi madzi. Akakhala oyera, ika yaing'ono, yofanana ndi tamoyo ta mmenemo, chifukwa nsomba ikuona bwino. Akakhala a matope, ika yakuda, yaphokoso, kuti ayimve. Dzuwa likawala, supuni yoyera. Kukachita mitambo, ya mkuwa." Ine ndimvekere, "A Sakala, malasha atha." Iwo ngati sanamve. "Chule ndi wa nyengo yotentha, m'mawa dzuwa lisanakwere, pamwamba pa masamba a kakombo. Umuponye, umusiye, umugwedeze pang'ono, umusiyenso. Madzi akaphulika usafulumire kukoka, yamba wamva kulemera. Koma kukazizira chule musiye m'chitini. Nsomba imatsikira pansi, imachita ulesi, sithamangitsa kanthu. Uipititsire pakamwa penipeni, mwaulemu." Zimenezi ndinazimva pakudya, pochapa, popita kutchalitchi, ngakhale ndili m'chipatala ndi azakhali anu akhanda.

Inu mumadandaula madzi akangofika pasitepe. Kale mvula ikagwa mu Kanyama madzi ankalekeza m'mawondo, ndipo ankakhala mpaka achule enieni atasamukiramo. Anthu ali kalikiliki kukapa madzi m'nyumba ndi mabeseni, mwamuna wanga ali mwee, kukondwa kuti damu lamutsatira kunyumba. Ankandiimika pakhomo, ndodo m'manja, kuti ndiziponya ndi kukulunga, iwo ataima m'madzi cha uko, buluku atapinda, kuyang'ana mmene nyambo yatsopano ikusambira. "Mwafulumira, amake Yohane. Fewetsani dzanja. Tsitsani ndodo." Ine mayi wa mvano, kuwedza mumsewu, anthu opita kumsika akuona. Ndinakola nsapato, mapulasitiki, ndipo tsiku lina chitenje cha bana Chanda, Mbemba uja woyandikana nafe, chili pachingwe choyanikira. Ndinkavomera kuti aleke kundivuta, koma chaka chilichonse ankabwera ndi nyambo ina.

Zonsezo ndikanapirira, kukanakhala kuti kumapeto kwake kuli ndiwo. Loweruka ankadzuka m'bandakucha, chitini panjinga, ulendo. Madzulo uyo akubwera, nkhope yowala, manja lendee.

"Ndiwo zili kuti, a Sakala?"

"Lero ndagwira zazikulu, amake Yohane. Ina kutalika chonchi."

"Ili kuti?"

"Ndabwezera. Ikakule."

Ikakule. Ana anga akudya chibwabwa, masamba a maungu aja, chopanda tomato, nsomba ikukula m'damu la eni. Ndinakalipa, ndinanyanyala, ndinabisapo chitini m'thumba la malasha. Sizinathandize.

Agogo anu anamwalira mwezi wa Juni, kukuzizira, atadwala chifuwa kanthawi kochepa. Thupi linapita ku mochale, ndipo pano panakhala nyumba ya maliro monga mudziwa: katundu yense panja, ine pamatilesi pakona ndi azimayi, amuna mutenti. Potulutsa bedi, chitini chinatulukira nacho.

Inu chimbuya mumachiona ngati masewera a ufa, koma ndi mwambo. Ife a kum'mawa tikafedwa, Abemba ndiwo amatigwirira ntchito, ndiponso ali ndi ufulu wotinyoza mmene afunira kuti anamfedwa asekeko. Iwo amati timadya mbewa, ife timati amadya anyani, ndipo palibe wokwiya. Ndiye masana ake bana Chanda anaona chitini chija. Ankachidziwa bwino, si chitenje chake chinakodwa? Anachitsegula, n'kunyamula chule uyu m'mwamba pakati pa anthu.

"Bwelani muone," anatero. "Ise tenze kuganiza ati aba bantu ni mbeba chabe. Kansi ba Sakala benze mfwiti. Onani vamene benze kusunga pansi pa bedi."

Anthu anaseka. Inenso m'nyumba ndinamwetulira pang'ono. Amene sanaseke ndi alamu anga a Fakisoni, akulu awo a agogo anu, amene anali atangofika kumene kuchokera kumudzi. Chaka chimenecho ng'ombe zawo zinafa motsatizana, ndipo anali akufunafuna chifukwa chake. Anatenga chitini, anayala saka pansi, n'kukhuthulira zonse pamenepo. Ndevu za mbuzi, ulusi wofiira, nthenga za nkhanga, tinyongolotsi takuda, tizitsulo tolira ukatigwedeza. Ine ndinazolowera kuziona, koma zitayalidwa pasaka pamaliro, ngakhale ine ndinaona kuti sizikuoneka bwino. Kuseka kunatha.

A Fakisoni anabwera pakhomo, osalowa.

"Mlamu, izi n'chiyani?"

"Ndi nyambo, alamu. Zowedzera nsomba."

"Nsomba yanji yodya patapata?"

"Ilipo, ku damu la pafamu."

"Nanga nsombazo munadyapo m'nyumba muno?"

Kumbuyo kwawo wina anati, "Zoona, sitinabaonepo na nsomba." Wina anakumbukira za ndevu za ku Chibolya. Winanso anati ankationa tonse awiri tikuponya zinthu m'madzi a mumsewu. Anthu amene ndinkabwerekana nawo mchere.

"Munthu azichoka usiku usanathe ndi chitini," anatero a Fakisoni, "azibwera chimanjamanja, zaka zonsezi, ndipo inu mukuti ankawedza."

Atate anu Yohane anatulutsa foni, n'kuwaonetsa zithunzi za nyambo za m'sitolo. Alamu anayang'anitsitsa n'kunena kuti izo n'za azungu, zopentedwa, zili ndi maina, nanga ndevu za mbuzi zili pati? Bana Chanda analumbira akulira kuti zinali nthabwala, koma alamu anati mawu a zoona amatulukira m'nthabwala. Pamenepo mtima unandipsa. Ndinakwawira pakhomo, ndinati abweretse bafa la madzi. Ndinamanga chule kuchingwe, ndinamuika pamadzi, ndinagwedeza pang'ono monga agogo anu anandiphunzitsira. Chule anatambasula miyendo, n'kuifunya, n'kusambira.

Ana inu, agogo anu anali mmisiri, ndipo umisiri wawo unatsala pang'ono kuwapha kachiwiri. Azimayi anabalalika, wina anagubuduza poto wa nyemba, wina akukuwa kuti chapuma, chapuma. Ndimati ndikuzimitsa moto, kansi ndathira parafini.

Ba Tembo, mkulu wa mpingo wathu, anandiyandikira n'kugwada pambali pa matilesi. Si munthu woipa, ndipo misozi inali m'maso.

"Amai, ine ba Sakala naimba nao zaka zambiri. Koma mpingo uli na lamulo, ndipo anthu aona na maso. Ngati nkhani iyi siimveka bwino, kwaya siingaimbe, yunifomu sitivala. Tizapita kumanda monga anansi chabe."

Kuika kunali mkuja. Munthu amene anaimbira maliro a Kanyama yense, kukamutsitsa m'manda kuli zii, mafosholo okha akulira, ndipo inu kukula mukutchedwa adzukulu a mfiti. Ndinakwiya, ndipo amene ndinawakwiyira koposa onse anali aja ali gone ku mochale. Akanabwera ndi nsomba imodzi, imodzi yokha, anansi n'kumva fungo lake pambaula, zonsezi kukanakhala kulibe.

Kutacha ndinamanga chitenje, ndinavala juzi ya agogo anu, ndinauza Yohane kuti abwereke galimoto. Azimayi anandigwira miyendo. Mkazi wofedwa satuluka m'nyumba maliro asanaikidwe, anthu adzati chiyani. Ndinati mwambo ndikuudziwa, ndaugwirira ena miyendo inenso, koma mbewa ya manyazi inafera kuuna. Bana Chanda anati popeza anayambitsa ndi iye, apita nane azikandigwira. Ndinatenganso alamu ndi ba Tembo, chifukwa kandimverere anakanena za m'maluwa. Ndinkafuna akaone okha.

Ku damuko ine ndinali ndisanapondeko. Mlonda wa pageti atamva za imfa anavula chipewa, n'kuyamba kuwatama. "Ba Sakala? Aja benze kukamba na nsomba? Bakaigwira baiuza ati yenda ukakule, baibweza." Alamu anatembenukira ba Tembo. "Mwamva? Ankayankhula nazo." Ndinamuyang'ana mlonda uja mpaka anavalanso chipewa.

Damu lake si lalikulu n'komwe. Bango mbali iyi, masamba a kakombo ofota mbali iyo, mtengo wouma utagwera m'madzi cha pakati pa gombe. Mphepo inali yobaya m'mafupa. Ndinaima pamenepo n'kuganiza kuti mkazi mnzanga wa zaka zonse zija ndi ameneyu, chithaphwi cha ng'ombe.

"Ponyani chule," anatero alamu.

"Chule sagwira kukazizira, alamu. Ndi wa mwezi wa Okutobala."

"Mwaona, ba Tembo? Ayamba kuzemba. Wapalamula ndi chule, aponye chule."

Ndinaponya chule. Dzanja linakumbukira lokha za mumsewu, ndipo anakagwera pakati pa masamba a kakombo bwinobwino. Ndinamusiya, ndinamugwedeza, ndinamusiyanso. Madzi ali duu. Ndinaponyanso kubango, ndinaponyanso kwina, mpaka phewa linayamba kuwawa. Ndinkadziwa kuti palibe chingachitike, ndipo zinkandiwawa kuti ndikudziwa, chifukwa sindinapemphe munthu kuti andiphunzitse. Dzuwa linakwera. Ba Tembo anayamba kutsokomola, n'kunena motsitsa mawu kuti a kwaya akudikira yankho masana asanapite.

Yohane anandinong'oneza kuti mlonda angatikumbire nyongolotsi, tikoloweke mobisa. Ndinamufunsa ngati akufuna atate ake aikidwe ndi bodza. Nyongolotsi ikagwira, ndiye kuti taonetsa chiyani? Kuti nyongolotsi si mfiti?

Ndinadula chule, ndinakhala pansi, ndinatsegula chitini pamiyendo. Madzi anali oyera, ndiye zaphokoso ayi. Dzuwa linali litawala, ndiye ya mkuwa ayi. Kunali kuzizira, ndiye nsomba zili pansi, pafupi ndi mtengo uja, ndipo zikufuna kanthu kotsika pang'onopang'ono. Mawu a agogo anu ankangobwera okha m'mutu, ndi katsokomola kawo komwe. Pansi pa chitini ndinapeza supuni yoyera yaing'ono, ya tiyi, kachidutswa ka kaluwa katatsalira pakhosi pake. Ndinaizindikira. Imeneyo ndi imene anandilumbirira kuti sanaione.

"Supuni ilibe mlandu," anatero alamu. "Mlandu ndi wa chule."

"Alamu, nsomba ikameza supuni yanga ya tiyi, patapata ingamukane?"

Ba Tembo anaganiza, n'kunena kuti zonse zatuluka m'chitini chimodzi, ndiye supuni ikagwira, iwo akhutira.

Ndinasendera kumtengo wouma. Kuponya koyamba ndinakola nthambi, ndipo alamu anaseka kamphuno. Ndinagwedeza ndodo mpaka inakoleka. Kachiwiri inagwera pambali penipeni pa thunthu. Ndinailola kumira mpaka chingwe chitafooka, ndinakweza ndodo pang'ono, ndinaisiya itsike. Kukweza, kusiya. Kukweza, kusiya. Mtima unkati fulumira, koma kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo m'khutu munali munthu akuti mwafulumira, amake Yohane. Sindidziwa ndinaponya kangati. Bana Chanda anali atandigwira chitenje kumbuyo, akupemphera m'Chibemba.

Kenaka supuni ikutsika, chingwe chinangoima, n'kuyamba kuyenda chokha cham'mbali. Ndinadikira mpaka ndinamva kulemera, ngati mwana akukoka mpango, ndipo pamenepo ndinakweza ndodo ndi mphamvu zonse za mkwiyo wanga. Ndodo inapindika. Kawilo kanalira. Chinthu chinathawira kumtengo, ine ndinachikanira, ndipo chinatumphuka m'madzi chathunthu, kukamwa kuli yasa, supuni yanga ikung'anima pamlomo. Bana Chanda anakuwa kuti, "Mayo!" n'kundisiya chitenje. Alamu anabwerera m'mbuyo mpaka anakhala pansi m'matope. Yohane analowa m'madzi ndi nsapato zomwe, ine ndikumuuza kuti agwire mlomo wa m'munsi, osati mchira, kodi atate ako sunkawamva?

Tinaigoneka paudzu. Inali yaitali ngati mkono wanga kuchokera pachigongono, yobiriwira pamsana, mimba yoyera. Tonse tinaiyang'ana ikupuma. Ndinali ndisanaionepo nsomba imene inandilanda mwamuna, ndipo ndisaname, inali yokongola.

Mlonda anati, "Manje mubweze, amai. Ndiye lamulo ya pano."

Ndinagwada, ndinaigwira mlomo. Ndinadziwa chimene mwini chitini akanachita. Koma anthu amene anathawa bafa anali ku Kanyama, osati pano, ndipo mawu a ba Tembo okha sakanawakwanira.

"Mukawauze abwana anu," ndinatero, "kuti a Sakala abwezera nsomba muno zaka zonsezi, ndipo mkazi wawo watengapo imodzi ya maliro." Kenaka ndinayang'ana kumadzi. "A Sakala, mundikhululukire. Iyi sibwerera."

Mlonda anangotitsegulira geti.

Titafika pano ndinainyamula ndekha, supuni ikadali pakamwa, n'kukaigoneka pasaka lija pamene anayala nyambo. Ndinabwerera pamatilesi panga. Zotsalazo ndinkamvera m'nyumba. Anthu anaunjikana. Ba Tembo anafotokoza zimene anaona, osawonjezera. Alamu, buluku lili matope, akuti anawerama n'kulowetsa nkhonya yawo m'kamwa mwa nsomba, inalowa yonse, n'kuitulutsa. Kenaka anati, "Mng'ono wanga anali ndi misala yake kuyambira ali mwana." Kupepesa kwawo kunali komweko, ndipo sindinayembekeze kwina.

Pasanapite nthawi ndinamva azimayi a mvano akukonza kukhosi panja, ndipo nyimbo inayamba. Mawa lake anaimba kuchokera kutchalitchi mpaka kumanda, atavala yunifomu, ndipo ba Tembo anaima pamalo amene agogo anu ankaima.

Nsombayo anaiphika madzulo a tsiku la kudamu. Sikanakwanira anthu onse, anangogawira akuluakulu, koma bana Chanda anandibweretsera kachidutswa m'mbale, maso ali pansi. Ndinalawa. Inali yonona, yoyera, yopanda minga yovuta, yokoma kuposa nsomba iliyonse imene ndinagulapo pamsika. Pamenepo ndi pamene ndinalira zenizeni, kulira kumene sindinalire kuchipatala. Azimayi ankandisisita msana kuti limbani mtima, amake Yohane, amuna anu apumula. Sanalakwe, ndinkalira amuna anga. Koma ndinkaliranso ndiwo zonse zija anabwezera m'madzi, Loweruka ndi Loweruka, ine ndikusenda chibwabwa. Mpaka lero ndimati zinali zopusa, ndipo ndikakawapeza ndikawauzanso.

Tisa, magazi aleka? Waona, sunafe. Mugwire chuleyo pamsana, umubwezere m'chitini mbedza itayang'ana pansi. Dalitso, tola nthenga izo zagwa, utseke bwino. Supuniyo ayi, usaikemo. Ndipatse kuno, imeneyo ndi yanga.